Constantine sanayambitse Chikhristu, tisamanamizane

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Johannesburg pa nkhani yomwe yavuta m'magulu a WhatsApp a Amalawi, ngakhale Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ku Rosettenville anthu amangokanganabe panja, ati Chikhristu anachiyambitsa ndi mfumu ya Aroma Constantine pofuna kupusitsa anthu. Ayi abale, si zoona izi, ndipo zimandiwawa kuona achinyamata athu akungozimeza.

Constantine asanakhale mfumu mpingo unali utafalikira kale, mpaka ku Alexandria ndi ku Carthage, mu Africa momwemuno. Mu 303 mfumu Diocletian inalamula kuti matchalitchi agwetsedwe, mabuku opatulika awotchedwe, anthu anamangidwa ena kuphedwa kumene chifukwa chokana kupereka nsembe kwa milungu ya Aroma. Nanga akanazunza bwanji chinthu choti kulibe? Constantine anagonjetsa Maxentius, yemwe ankalimbirana naye ufumu, pa mlatho wa Milvian ku Roma mu 312 nkumati wamupambanitsa ndi Mulungu wa Akhristu, ndiye mu 313 anagwirizana ndi mfumu inzake Licinius ku Milan kuti aliyense azipembedza momwe akufunira, katundu wa mpingo yemwe analandidwa abwezedwe. Ubatizo anachita kulandira ali pafupi kumwalira, mu 337.

Ine chomwe chimandidetsa nkhawa nchina. Mpingo utangolowa kunyumba yachifumu zinthu zinasintha, mabishopu anayamba kulandira thandizo la boma, msonkhano wa mabishopu wokambirana za chikhulupiriro ku Nicaea mu 325 anauitanitsa ndi Constantine, koma patangotha zaka 10 mfumu yomweyonso inathamangitsa bishopu Athanasius wa ku Alexandria nkumutumiza ku Trier, ku Germany ya masiku ano, chonsecho munthuyu ndi amene ankalimbikira kuteteza zomwe anagwirizana ku Nicaea zija. Taganizani, mtsogoleri wa mpingo kuchoka ku Egypt kukakhala kutali ndi nkhosa zake kamba koti mfumu yakwiya basi.

Usiku tikabwera ku ntchito timaonera pa foni mapemphero a kumudzi, nthawi ya kampeni umaona wandale wakhala mpando wa kutsogolo, abusa akumupatsa maiki, envelopu ikudutsa, kwaya nkuyimba mokweza, amayi a zovala za chipani akululutira. Sindikuti andale asamapemphere ayi, nawonso ndi anthu ofuna Mulungu. Koma tsiku lomwe wandaleyo adzabe ndalama za mankhwala, abusa omwe analandira envelopu aja adzatsegula pakamwa? Ndikupempha abusa amene amawerenga nyuzipepala ino atiyankhe pa tsamba lomweli, ife a ku Joni timatumiza chakhumi kumudzi mwezi ndi mwezi ndipo tikufuna timve.

Wowerenga wanu,
Johannesburg