Kalata ya Bambo Mfumu: za malonjezo a ana athu a kusekondale

Okondedwa anga mwa Ambuye, makolo, aphunzitsi, atsogoleri a miphakati, ndi inu ana athu a kusekondale,

Atamandike Yesu Khristu.

Ambiri mwaliona pepala lolembedwa pamanja limene lamatidwa pakhomo la tchalitchi, lija lili ndi mayina ambirimbiri kumunsi kwake. Ena mwandifunsa ngati ndinalemba ndine. Si ine ayi, si ahedi, si asisitere. Analemba ndi ophunzira a gulu la YCS (Young Christian Students) a pasukulu yathu ya sekondale, atakhala pansi okhaokha kumayambiriro kwa teremu ino. Kwa ine analibweretsa litatha kale, kudzangopempha chilolezo choti alimate. Popeza lautsa nkhani m'miphakati ndi ku khonsolo ya parishi, ndati ndinene maganizo anga poyera kuti tonse timve chimodzimodzi.

Kwa amene simunaliwerenge, anawa alonjeza kuti azitsogolera okha pemphero lam'mawa asanalowe m'kalasi, mosinthana, ndipo mwezi wa Okutobala azinena kolona madzulo ndi aliyense wofuna. Alonjeza kuti Loweruka lina pamwezi azipita kwa agogo amene akukhala okha m'midzi yozungulira mishoni, kukatunga madzi, kukawaza nkhuni, kukachapa, ndipo Loweruka lina azikacheza ndi odikirira odwala kuchitando. Alemba kuti salowa ndi likasa m'chipinda cha mayeso. Ndipo pali lonjezo lina limene ambiri mwalidumpha powerenga, koma kwa ine ndiye lolemera kuposa onse: aliyense wa Fomu 3 ndi Fomu 4 amene wasayina watenga mwana mmodzi wa Fomu 1 kuti akhale ngati mng'ono wake, ndipo akaona wina akumuzunza sakhala chete.

Maganizo otere sanagwe kumwamba. YCS ili ndi kachitidwe kake kamene kanachokera kwa wansembe wina wa ku Belgium, Joseph Cardijn, amene anabadwa mu 1882. Iye anali mwana wa anthu wamba, ndipo chinamupweteka ali kuseminale n'chakuti anzake amene anakulira nawo limodzi, atalowa ntchito m'mafakitale, anasiya Mpingo n'kumamuona iye ngati mlendo. Atadzozedwa anazindikira kuti wansembe sangalowe m'fakitale tsiku ndi tsiku, koma mnyamata wogwira ntchito momwemo ali kale m'kati. Ndiye anayamba kusonkhanitsa achinyamata m'timagulu ting'onoting'ono, n'kuwaphunzitsa zinthu zitatu: ayambe aona bwinobwino zimene zikuchitika pamalo pawo, aziunike ndi Uthenga Wabwino, kenaka achitepo kanthu iwo eni. Papa Pius XI anavomereza gulu la achinyamata apantchito limeneli mu 1925, ndipo posakhalitsa ophunzira nawo anatengera njira yomweyo m'sukulu zawo. Papa Yohane XXIII anaiyamikira m'kalata yake ya Mater et Magistra mu 1961, ndipo Cardijn anamwalira mu 1967 ali kadinala. Ana athu akamakumana pansi pa mtengo Lachitatu masana n'kumafunsana kuti "sabata ino mwaona chiyani kuhositelo?", akuyenda m'mapazi amenewo.

Tsono nayi nkhani imene yandilembetsa kalata. Akuluakulu ena a khonsolo, mwa mtima wabwino ndithu, apempha kuti malonjezowa tiwasandutse lamulo la sukulu. Akuti aliyense azisayina, mapulifekiti azilemba mayina a ojomba kukolona, ndipo wosapita kwa agogo Loweruka azipatsidwa chibalo. Ndakana, ndipo ahedi ndagwirizana nawo. Sukulu ili kale ndi malamulo ake: Misa ya sukulu ilipo, belu lilipo, yunifolomu ilipo, ndipo zimenezo sizisintha. Koma tonse amene tinadutsa m'sukulu zogonera komweko tikudziwa chimene chimachitikira pemphero la kaundula. Mwana amagwada chifukwa pulifekiti waima kumbuyo ndi kope, ndipo tsiku limene walemba pepala lomaliza la MSCE, kolona amaisiya m'sutikesi limodzi ndi tayi. Tawaona ambiri amene anakhala zaka 4 osajomba Misa ngakhale kamodzi, koma atangofika ku koleji kapena kutauni sanapondenso pakhomo la tchalitchi. Pepala lili pakhomo lija mphamvu yake ndi yakuti palibe anawatuma. Tikaliika m'manja mwa akuluakulu, mawu ake atsala omwewo, koma eni ake adzakhala ataliwonera kutali.

Ndikudziwa kuti ena mukuti ana okha sangasunge chinthu chopatulika. Tiyeni tikumbukire mbiri ya Mpingo wathu womwe uno wa mu Africa. Ansembe a chipani cha White Fathers, omwenso anadzatsegula mishoni ya Mua mu 1902, anafika ku Buganda, m'dziko la Uganda, mu 1879. Mu 1882 anachokako chifukwa zinthu sizinali bwino, ndipo anabwerera mu 1885. Zaka zonsezo kunalibe wansembe, kunalibe Misa. Anatsala ndi anyamata otumikira kubwalo la mfumu ndi anzawo ochepa, akuphunzitsana katekisimu usiku. Ansembe pobwerera anapeza ofuna ubatizo atachuluka kuposa amene anawasiya. Pamene mfumu ya kumeneko, Kabaka Mwanga, anayamba kupha akhristu, amene anabatiza Kizito usiku sanali wansembe. Anali Karoli Lwanga, mkulu wa anyamatawo, amene iye mwini anali atangobatizidwa miyezi ingapo m'mbuyomo. Kizito anali wa zaka pafupifupi 14, msinkhu wa mwana wa Fomu 1, pamene anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886. Timawatchula m'mapemphero, timatcha ana athu mayina awo, masukulu ndi maseminale athu akudziwika ndi mayina awo. Nanga lero tikaona wamkulu wa Fomu 4 akugwira dzanja wamng'ono wa Fomu 1, bwanji tikufuna kumulanda ntchitoyo?

Pa nkhani ya a Fomu 1 ndiime pang'ono, chifukwa apa m'pamene tidzaonere ngati pepalali lili ndi moyo. Kukatunga madzi kwa agogo n'kwabwino, koma n'kosavuta: mumapita gulu, mumaimba panjira, agogo amakudalitsani, mumabwerera mitima ili mbee. Kuletsa mnzako wa kalasi imodzi amene akulanda chiponde ndi shuga wa mwana watsopano, kapena amene akumuchapitsa zovala zake usiku, n'chinthu china. Ameneyo mumadya naye tebulo limodzi. Mawa akutcha kazitape, anzako akusala. Nkhanza zimenezi zakhalitsa m'sukulu zogonera chifukwa aliyense wozunzidwa amadzitonthoza kuti nayenso nthawi yake idzafika. Mphunzitsi sagona kuhositelo, ine sindigona kuhositelo. Zimene zimachitika magetsi akazima amazidziwa ndi ophunzira okha, ndipo amene angazithetse ndi iwo omwe. Cardijn anaona zomwezi m'mafakitale a ku Belgium.

Makolo, nkhawa yanu ndaimva ndipo siyopanda pake. Mwagulitsa chimanga, ena mbuzi, kuti mulipire fizi, ndipo simunatumize mwana kuno kuti adzakhale katekisiti. Mukufuna akhoze. Inenso ndikufuna akhoze, ndipo ndawauza atsogoleri a gululi kuti pemphero lililonse lodya nthawi ya sitade ndidzaliletsa ndine. Pemphero lam'mawa ndi la mphindi zochepa. Ntchito ya Loweruka ithe dzuwa lisanafike pamutu. Teremu yomaliza a Fomu 4 apumule pa maudindo onse. Koma musaiwale kuti papepala lomwelo pali lonjezo lokana likasa, ndipo mwana amene wakana kubera alibe kothawira kwina koma kuwerenga. Mwana wanu akabwera kutchuthi n'kupempha kuti atsogolere pemphero lamadzulo panyumba, musamuseke kuti wasanduka abusa. Mupatseni mpata, ngakhale azipunthwa.

Kwa ife a parishi, mlandu wathu ndi wina. Tili ndi chizolowezi choona ophunzira ngati manja aulere. Kukabwera Ambuye Episkopi, itanani ana a sukulu adzasese. Kukakhala ukwati wa munthu wodziwika, itanani kwaya ya sukulu. Tikufuna njerwa, ana a sukulu alipo. Kusesa pa tchalitchi si tchimo, koma zimenezo si zimene alonjeza, ndipo ndikupempha mabungwe onse, kuyambira amayi a CWO mpaka komiti ya zomangamanga, kuti pasapezeke wopita kusukulu kukatenga ana ponamizira pepala lija. Miphakati ili ndi mbali yake yeniyeni: ndinu mukudziwa nyumba imene muli nkhalamba yosowa woitungira madzi. Auzeni, aperekezeni, mukawadziwitse kwa amfumu a m'mudzimo. Ambiri mwa anawa kwawo n'kutali, ena ku Karonga, ena ku Nsanje, ndipo makolo awo sadziwa n'komwe njira za m'midzi yathu. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chinthu chimodzi chokha ndalamula, ndipo pa ichi sindikambirana ndi munthu. Ophunzira sapita m'nyumba ya munthu aliyense mmodzimmodzi. Apite atatu kapena kuposerapo, pakhale mphunzitsi wowayang'anira kapena mayi wodalirika wa mphakati, ndipo abwerere nthawi imene ahedi anena. Wamkulu aliyense, kaya ndi mphunzitsi, kaya katekisiti, kaya wansembe, asaitanire wophunzira malo obisika ponena kuti akukamuthandiza zauzimu. Kuwasiyira utsogoleri sikutanthauza kuwasiya opanda mlonda.

Tsopano kwa inu ana anga. Mwachita chinthu chabwino, ndipo chifukwa ndakulemekezani ndikuuzani zoona. Mwalonjeza zambiri. Mwezi uno mitima ili yotentha, koma kukubwera Febuluwale, mvula ili pakati, ndiwo zili nyemba tsiku ndi tsiku, ndalama ya m'thumba itatha. Pamenepo pemphero lam'mawa mudzapezekapo ochepa. Musadzatseke chifukwa cha kuchepako, ndiponso musadzayambe kunyoza amene afooka. Mukadzaona kuti lonjezo lina lakukulirani, khalani pansi mulichepetse poyera m'malo momangolisiya mwakachetechete.

Musajambule agogo amene mwawachapira n'kuwaika pa Facebook kapena pa WhatsApp. Umphawi wa munthu si chokongoletsera gulu lanu. Werengani Mateyo 6 pamsonkhano wanu wotsatira, mudzamva zimene Ambuye ananena za oliza lipenga popereka zachifundo. Ndipo mukafika pakhomo la nkhalamba, yambani mwakhala pansi, mupereke moni, mufunse chimene akufuna. Mwina inu mwanyamula tsache pamene iwo akusowa woti awawerengere kalata yakuchipatala.

Pemphero lisasanduke chithumwa cha mayeso. Nyengo ya JCE ndi MSCE ikayandikira mumabwera ndi zolembera kuti ndizidalitse, ndipo ndimadalitsa mokondwa, koma cholembera chodalitsidwa chimalemba zokhazo zimene mwini wake anawerenga. Chenjeraninso ndi mnzanu amene ayamba kunena kuti walota maloto, kuti wakuti ndi mfiti, wakuti ali ndi ziwanda. Zotere zasokonezapo masukulu, ndipo amene amavulala amakhala mwana wosauka kapena wodwala khunyu. Zikayamba, bwerani nazo kwa ine tsiku lomwelo.

Pasukulu pathu pali anzanu a CCAP, a Anglican, a Seventh Day, a mipingo ya Pentekoste, ndi Asilamu. Boma limasankhira kuno ana a zipembedzo zonse, ndipo Mpingo unamanga sukulu kuti iphunzitse onsewo. A SCOM, gulu lina la ophunzira achikhristu, ali ndi mapemphero awo, alemekezeni. Kukolona musakokere munthu. Koma ku ntchito ya Loweruka ndi pa nkhani yoteteza a Fomu 1, aitaneni onse, ndipo wina wa iwo akakhala waluso kuposa inu pokonza ulendo, mumvereni.

Pa 12 Okutobala Mpingo umakumbukira Carlo Acutis, mnyamata wa ku Milan amene anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 2006 ali ndi zaka 15, akuphunzira pasukulu ya sekondale ya ansembe a chiJezwiti. Anthu amamudziwa kwambiri chifukwa cha luso lake pa kompyuta, koma anzake a m'kalasi ankamukumbukira ngati amene ankaikira kumbuyo ana onyozedwa, ndipo ndalama zake za m'thumba ankagulira zofunda anthu ogona m'misewu. Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera mu Seputembala 2025. Lamulungu loyandikana ndi tsikuli, Misa yachiwiri ndaipereka kwa ophunzira. Mawerengo, mapemphero a akhristu ndi nyimbo akonza okha, ndipo akwaya yaikulu tsiku limenelo mukhale m'mabenchi pamodzi ndi ife tonse.

Atsogoleri a miphakati, mayina a okalamba ndi odwala ofunika kuyenderedwa muwapereke kwa akatekisiti pasanathe masabata 2, mutayamba mwawafunsa eni akewo ngati akufuna alendo. Amene muli ndi ndowa, nkhwangwa kapena sopo woti muthandizire, siyani ku ofesi ya parishi. Ndalama m'manja mwa ophunzira musapereke. Iwo eni anena kuti sakuzifuna. Kalatayi iwerengedwe m'matchalitchi athu onse a kumidzi Lamulungu likudzali, ndipo ahedi ayiwerenge pa asembule Lolemba.

Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni nonse, ndipo Amayi Maria ndi Amaritiri a ku Uganda atipempherere.

Ine wanu mwa Khristu,
Bambo Mfumu