Inu amene munatiikira mafoni a mu ofesi kuno ku Chipata, yankhani pano

Poti ku inbox mumangowerenga osayankha, ndipo nambala yanu imangolira mpaka kuduka yokha, ndati ndilembe pompano pa peji yanu anthu aone.

Ine ndili ndi shopu ya feteleza ndi mbewu pafupi ndi msika wa Kapata, ndi kanthambi kena ku Katete. Mu Ogasiti munabwera ndi pakamwa pokoma, akuti bwana lekani kuyenda ndi mafoni atatu m'thumba, tikuikireni PBX, kabokosi kolumikiza mafoni onse a mu ofesi, kasitomala akaimba mtsikana wa pa kauntala azingodina 102 ipite ku stolo, 201 ipite ku Katete, ndipo kuimbirana tokhatokha ndi ulele poti zidutsa pa intaneti. Ndinatulutsa K18,500 ya mafoni 5 a pa desiki ndi kabokosi kanu kaja, kuonjeza K650 mwezi ndi mwezi imene mumati ndi ya mentenensi.

Zinagwira bwino masabata awiri basi. Manje kasitomala akaimba ine ndimamumva bwinobwino koma iye sandimva, amangoti halo, halo, kenako wadula, ndipo olo zitheke kumvana mawu amadukaduka ngati wailesi yotha mabatire. Mphwanga amene anaphunzira za makompyuta atayang'ana anati vuto si mafoni ayi, ndi router, chipangizo chogawa intaneti ndi wifi chija, simunaichune kuti mawu azikhala patsogolo, ndiye mnyamata wa ku stolo akangotsegula TikTok pa wifi yomweyo foni yafa. Akuti ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma angakonze bwanji pamene pasiwedi ya admin munapita nayo? Ndinaipempha katatu konse, yankho lanu nlakuti ndi malamulo a kampani. Malamulo otani pa katundu amene ndinagula ndi ndalama zanga, risiti ndili nayo?

Za malaiti ndiye zimandiwawa zedi. Mafoni amenewa magetsi amatengera pa nthambo yochokera ku switch, chipangizo chimene nthambo za mafoni zimalumikizidwako, malaiti akapita onse 5 zii nthawi imodzi. Munatiikira ka UPS, kabatire kothandiza malaiti akapita, kamene kamalira tswii tswii mphindi 20 kenako kagona. Kodi inu simukhala m'Zambia muno? Ndani sanaone zimene zinachitika mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, malaiti kupita tsiku lonse? Ndinakufunsani tsiku loika lija, pamaso pa antchito anga, munati musade nkhawa bwana. Mukanandiuza zoona ndikanagula batire yaikulu ndi inveta nthawi yomweyo. Foni yakale ya nthambo ija, ya nambala yoyamba ndi 0216, inkalira olo mumdima, ndinaichotsa chifukwa cha inu.

Ndipo onani nthawi yake, mvula ili pafupi. Alimi a ku Chadiza, Vubwi, Chiparamba amayamba aimba kufunsa ngati D compound ndi urea zafika asanalipire thiransipoti, akaona foni siyankhidwa amaganiza shopu inatseka amapita kwa ena. Nambala yatsopanoyo ndinailemba pa chikwangwani ndi pa marisiti onse, manyazi ake.

Sabata yatha ndinapeza mmodzi wa inu pa WhatsApp, akuti tekinishani ali ku Lusaka, nditumize ya basi ndi ya malo ogona. Makilomita opitirira 500, ndilipire ine? Nanga K650 ija imagwira ntchito yanji? Pogulitsa paja simunanene kuti ku Eastern kuno mulibe munthu olo mmodzi.

Sindikufuna sole bwana wina. Pofika Lachisanu munditumizire pasiwedi ya router ndi ya PBX, mubweze K1,950 ya miyezi itatu imene simunaponde pano, ndipo wina abwere pa ndalama zanu adzaone za batire. Zikapanda kutero Lolemba ndikadandaula ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, ndi marisiti komanso ma screenshot onse, ndinasunga.