Indrek Hargla ndi nkhani zake za wogulitsa mankhwala wa ku Tallinn

Mkonzi,

Ndikupempha malo pang'ono m'nyuzipepala yanu kuti nditsutse maganizo amene ndimawamva kawirikawiri pakati pa okonda mabuku, akuti nkhani zofufuza milandu ya kupha ndi zongotayitsa nthawi. Umboni wanga ndi ntchito ya Indrek Hargla, mlembi wa ku Estonia amene anabadwira ku Tallinn, likulu la dzikolo, m'chaka cha 1970.

Hargla ndi dzina lolembera chabe. Dzina lake lenileni ndi Indrek Sootak. Anaphunzira zamalamulo pa Yunivesite ya Tartu, nagwira ntchito ku unduna woona za ubale ndi maiko ena, ndipo anayamba kutchuka ndi nkhani zopeka za sayansi zimene zinamupezetsa kangapo mphotho ya ku Estonia ya nkhani zotere yotchedwa Stalker.

Chimene chinamutchukitsa kunja kwa dziko lake ndi Melchior Wakenstede, wogulitsa mankhwala wofufuza milandu ya kupha, amene Hargla anamulenga m'buku la 2010. Nkhani yake ikuchitika mu 1409, pamene msilikali wamkulu wa gulu la asilikali achikhristu achijeremani la Teutonic Order wapezeka atadulidwa mutu pa phiri la Toompea mumzinda wa Tallinn. Apa ndi pamene ndimaona luso la munthu wodziwa malamulo. Nthawi imeneyo Tallinn, imene inkatchedwa Reval, inali ngati mizinda iwiri: kumtunda kunkalamulira asilikali aja, pomwe kumunsi amalonda a mgwirizano wa mizinda yamalonda wotchedwa Hansa anali ndi khonsolo yawo yotsatira malamulo a mzinda wachijeremani wa Lübeck. Choncho wowerenga sangatsatire bwino mlanduwo popanda kumvetsa amene ali ndi mphamvu yogwira munthu mbali iliyonse ya linga, ndipo mbiri ya mzindawo imamulowa m'mutu iye asakudziwa.

Kusankha wogulitsa mankhwala nakonso kunali kwanzeru, pakuti kwa munthu wotere kumafika aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo odwala sachedwa kuulula za kumtima. Mpaka lero pabwalo lalikulu la Tallinn pali sitolo ya mankhwala yotchedwa Raeapteek, imene zolembedwa zimaitchula kuyambira 1422.

Hargla amalemba m'Chiestoniya, chilankhulo cha anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, komabe mabuku a Melchior anamasuliridwa m'Chifalansa, Chijeremani, Chifinishi ndi Chingerezi, ndipo Elmo Nüganen anakonzapo mafilimu atatu, yoyamba itatuluka mu 2022. Ndikupempha kuti tsamba lanu la zolembalemba lidzaunikeko limodzi mwa mabuku amenewa.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito, Zomba