Achinyamata akuopa katemera kuposa matenda, ndiwayankhe bwanji?

Adokotala,

Ndine mlangizi wa zaumoyo pakati pa Amalawi okhala ku Mbare ndi ku Glen View muno mu Harare. Ndithandizeni pa nkhani ya anyamata ndi atsikana a zaka 18 mpaka 30 amene akukana katemera ponena kuti matupi awo ndi olimba.

Chifukwa chawo ndi chomveka. Ambiri amadya za tsiku lomwelo, kukankha ngolo pa msika wa Mbare Musika kapena kugulitsa zakudya. Katemera akalemeretsa mkono, thupi n'kuphwanya, ndiye kuti ganyu wa tsikulo wapita. Ndimawauza kuti zimenezi zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri, panado amathandiza, ndipo akabayitsa adikire mphindi 15 pachipatala, chifukwa kutupa koopsa kotseka kukhosi, ngakhale kuti n'kosowa kwambiri, kumabwera m'mphindi zoyambirira.

Pa katemera wa taifodi ndi kolera sindikayika konse. Taifodi imagoneka munthu milungu ingapo ndi kutentha thupi, ndipo ikafika mlungu wachitatu osalandira mankhwala imatha kuboola matumbo. Majeremusi ena a muno sakumvanso mankhwala a ciprofloxacin. Komanso ena akachira amasungabe majeremusiwo m'ndulu, n'kumapatsira anzawo pogwira zakudya iwo osadziwa. Katemera wa taifodi ndi jakisoni mmodzi basi. Kolera nayo siyang'ana minofu, imaumitsa munthu wamphamvu pa maola ochepa, monga tinaonera ku Glen View ndi ku Budiriro mu 2018. Malinga mipope ikuuma, anthu n'kumatunga m'zitsime zoyandikana ndi suweji yophulika, wachinyamata ali pangozi ngati wina aliyense.

Pondivuta ndi pa COVID-19. Achinyamatawa amawerenga pa WhatsApp za kutupa kwa mnofu wa mtima kobwera ndi katemera. Zimenezi n'zoona, zinaoneka mwa apo ndi apo kwa anyamata olandira katemera wa Pfizer kapena Moderna, makamaka masiku ochepa atabayitsa kachiwiri, ndipo ambiri anachira. Koma kuno kuyambira mu 2021 ambiri analandira Sinopharm ndi Sinovac, opangidwa ndi kachilombo kophedwa. Ndipo matenda a COVID-19 paokha amatupitsanso mtima. Komabe mu 2023 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linati achinyamata opanda matenda ena sakufunika kumangowonjezera katemerayu mobwerezabwereza.

Ndiye kodi n'koyenera kuwauza mosabisa kuti katemera wina ndi wofunika kwambiri kwa iwo kuposa wina? Mantha anga ndi oti akangomva kuti mmodzi angathe kudikira, awakana onse. Nanga mnyamata wooneka wathanzi amene sanayezetsepo HIV kapena shuga, kapena wogona nyumba imodzi ndi agogo odwaladwala, ndimuike mbali iti?

Ine wanu,
Mlangizi wodera nkhawa, Mbare