Titeteze malo amene nsomba zimaswerana

A Mkonzi,

Chaka chilichonse ikafika Novembala timamva chilengezo chakuti usodzi wa makoka watsekedwa pa nyanja ya Malawi mpaka kumapeto kwa Disembala pofuna kupatsa chambo mpata woswana. Lamuloli ndi labwino, koma likuteteza nyengo yoswana yokha, pamene malo amene nsombazo zimaswerana akuwonongedwa m'miyezi ina yonse ya chaka. Ndikupempha danga m'nyuzi yanu kuti ndifotokoze chifukwa chake zimenezi zikundidetsa nkhawa.

Ambiri a ife timaganiza kuti bola madzi alipo, nsomba ili ndi pokhala. Komatu chamoyo chilichonse chili ndi malo ake achilengedwe, kumene chimapeza chakudya chake, pobisalira adani ndi polerera ana, ndipo malowo akasintha sichingosamukira pena n'kupitiriza moyo. Chambo chachimuna chimakumba chisa pansi pa nyanja, pa mchenga kapena pa matope, ndipo chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa. Kenako chimapita ndi anawo kumadzi osaya, m'mabango ndi m'maudzu a m'mphepete, kumene kasawala amakulira mobisika. Khoka likamakokedwa pansi limasalaza zisazo ndi kuzula udzu, ndipo amene amadula bango kuti apeze gombe loyera lokokerapo makoka kapena lomangapo malo ogona alendo amachotsa polerera ana. Zimenezi zikachitika mu Juni, kutseka nyanja mu Novembala kungathandize zochepa. Nyanja ya Malombe, imene kale inkatchuka ndi chambo, inaona nsombayi ikutha cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN, loona za kasungidwe ka zachilengedwe pa dziko lonse, linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pa chiopsezo chachikulu chotheratu.

Nkhani ya mpasa ndi imene ikusonyeza bwino kwambiri kuti malo a nsomba amafika kutali ndi nyanja. Mpasa umakulira m'nyanja, koma nthawi yoswana ikakwana umakwera mitsinje monga Bua ndi North Rukuru kukaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi oyera othamanga. Mazirawo amafuna madzi odutsa pakati pa timiyalato kuti apeze mpweya. Munthu akadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ku Kasungu kapena ku Mchinji, n'kulima dimba mpaka pa gombe penipeni, mvula imakokolola dothi n'kulitsitsira kumunsi, matope amakwirira timiyala, ndipo mazira amafa. Mlimi ameneyu mwina sanaonepo mpasa m'moyo wake wonse, ndipo sindikumuweruza, poti naye akufuna chakudya cha ana ake, koma khasu lake likukhudza nsomba ya ku Nkhotakota. Mtsinje wa Bua ukadali wofunika kwa mpasa chifukwa mbali ina umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, kumene magombe ake akadali ndi mitengo. Ntchila, imene nayonso imaswana m'mitsinje, makolo athu ankaigwira yambiri, koma lero achinyamata ambiri amangoimva dzina.

Mbuna, nsomba zing'onozing'ono za maonekedwe owala, nazo zimamatirira ku miyala, kumene zimadya ndere, ndipo zambiri sizidutsa pa mchenga kupita ku miyala ina. N'chifukwa chake mitundu ina imapezeka pa chilumba chimodzi chokha pa dziko lonse lapansi, ndipo paki ya nyanja ya Malawi ya ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1984, inapangidwa makamaka kuti iteteze nsomba zimenezi pamodzi ndi miyala yake.

Nzeru yoteteza malo si yachilendo kwa ife. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, asodzi onse amachoka pa chilumbapo, ndipo njira zina zophera nsomba n'zoletsedwa ngakhale pamene chilumbacho chatsegulidwa. Mbali yoletsa njira zinayi ndi imene ambiri amaiiwala akamayamikira Mbenji.

Pempho langa kwa nthambi ya zausodzi ndi lakuti igwirizane ndi mafumu ndi makomiti a m'madoko posankha magombe a bango ndi malo a zisa za chambo amene khoka silidzaloledwa chaka chonse, ndipo malire ake aikidwe zizindikiro zimene msodzi aliyense angathe kuziona. Makhonsolo a maboma a m'mbali mwa nyanja asamavomereze mapulani a zomangamanga amene akufuna kuchotsa bango. Alangizi a zaulimi a kumtunda nawo auzidwe kuti kusiya mitengo ndi udzu m'mbali mwa Bua ndi gawo la ntchito yawo, ndipo alimi amene apemphedwa kuchoka pa gombe athandizidwe kupeza njira yokokera madzi kuminda yawo.

Ine wowerenga wanu,
Nkhotakota