Laisensi yoyendetsa ndege si kalata ya ntchito

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo komanso achinyamata amene mtima wawo uli pa ntchito yoyendetsa ndege. Ine ndiyo ndimagwira, ndipo kutati kukhale kusankhanso, ndingasankhe yomweyi. Chondidandaulitsa n'chakuti anthu amangondifunsa za malipiro ndi maiko amene ndapondamo. Palibe amene amafunsa kuti mwana akatuluka kusukulu ya ndege, adzayamba liti kudya thukuta lake.

Laisensi yoyamba yololeza munthu kuuluka molipidwa, ija timati CPL, imapezeka ndi maola pafupifupi 200 a m'mlengalenga. Koma kuti ukhale kaputeni wa ndege yaikulu yonyamula anthu pamafunika laisensi yapamwamba yotchedwa ATPL, ndipo imeneyo imafuna maola 1,500. Ku America, ndege ya kampani ya Colgan Air itagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo mu 2009, adakhwimitsa lamulo moti ngakhale wothandizira kaputeni kawirikawiri amayenera kukwanitsa maola omwewo.

Pakati pa 200 ndi 1,500 ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Maola amenewa suwatola pansi. Ena amawapeza pophunzitsa anzawo pa tindege ting'onoting'ono, ena ponyamula katundu usiku, malipiro ali ochepa, kwinaku ngongole ya sukulu ikubereka. Ena amangokhala pakhomo, laisensi ili m'kabati, mpaka luso kuyamba kuzilala. Komanso laisensi siikupatsa ndege iliyonse. Boeing 737 ili ndi maphunziro akeake, Airbus A320 nayo akeake, ndipo makampani ena amafuna ulipire wekha kapena usainire kuti sudzachoka kwa zaka zingapo. Otsatsa sukulu za ndege nkhani imeneyi amaidumpha dala.

Ukalembedwa ntchito umakaima kumchira kwa mzere. M'makampani ambiri amene adalowa kale ndiye amayamba kusankha masiku opuma, njira zabwino ndi mpando wa kaputeni. Ukasamukira kwina umakayambiranso pansi, ngakhale imvi zili mbuu. Mu 2020, ndege zitaimitsidwa chifukwa cha Covid-19, m'malo ambiri oyamba kuuzidwa kuti abwerere kunyumba adali omwe adalowa kumapeto.

Za nthawi ndingokhudzako. Ku Ulaya lamulo sililola kupitirira maola 100 pa masiku 28, kapena 900 pa chaka. Anthu akamva zimenezi amati timangogona. Iwo sadziwa kuti maolawo amayamba kuwerengedwa ndege ikasuntha. Kudzuka pakati pa usiku, kuwerenga zanyengo, kuwerengetsa mafuta, kudikira ndege yochedwa, kugona m'hotela thupi likukana kuti kwada, zonsezo zili padera. Kunyumba ana amazolowera kuti tsiku lawo lobadwa limakondwereredwa tsiku limene bambo kapena mayi alipo.

Sindikunena kuti ndi chikomekome cha mkuyu ayi. Ukafika pa ukaputeni m'kampani yokhazikika, ndalama ilipo ndithu. Ukazimitsa injini ntchito yathera pomwepo, sunyamula mafayilo kupita nawo kunyumba. Ndipo kutera bwinobwino mphepo ikukankha m'mbali, anthu kumbuyoko osadziwa n'komwe kuti panali ntchito, kumakoma kuposa malipiro aja. Ngakhale mayeso a mu simulator (makina oyerekezera kuyendetsa ndege uli pansi), amene ambiri timalowa miyezi 6 iliyonse n'kutizimitsira injini kapena kutiyatsira moto wabodza, ine ndimawakonda (anzanga ena akandimva adzati ndikunama). Kuzolowera zoterezi n'kumene kudathandiza kaputeni Chesley Sullenberger ndi mnzake kutera pa mtsinje wa Hudson ku America mu Januwale 2009, mbalame zitawononga injini zonse ziwiri, anthu onse 155 n'kupulumuka.

Koma zonsezi zimakolekedwa pa pepala limodzi la dokotala, lotchedwa Class 1. Chaka chilichonse amatiyeza mtima, maso, makutu ndi zina, ndipo ukafika zaka 60 amatero miyezi 6 iliyonse. Vuto limene mphunzitsi kapena loya angamwere mankhwala n'kupitiriza ntchito, ife likhoza kutitsitsa pansi tsiku lomwelo. Ngakhale thupi litakhala la chitsulo, malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, salola munthu kuyendetsa ndege zonyamula anthu pakati pa maiko akakwanitsa zaka 65.

Choncho inu makolo, musanagulitse kanthu kapena kukongola ndalama, mutengereni mwanayo kwa dokotala wovomerezeka wa zandege akamuyeze kaye. Kenako kafunseni kusukuluko kuti mwa ophunzira awo a zaka ziwiri zapitazi, ndi angati amene akuuluka molipidwa lero, ndipo ali ndi kampani iti. Akayamba kukuonetsani zithunzi za yunifolomu m'malo moyankha, kayang'aneni sukulu ina.

Ndine wanu,
Woyendetsa ndege