Peresenti yokha sinena zonse za mwala wa tungsten

A Mkonzi,

Nkhani za migodi zikatchula chitsulo cha tungsten, zimangokamba za peresenti ya WO3 (tungsten wogwirana ndi okosijeni) m'mwala, ngati kuti mtengo wonse wagona pamenepo. Ku ng'anjo sizili choncho. Ferberite ndi hübnerite, mitundu iwiri ya mwala wa wolframite, yonse ili ndi WO3 pafupifupi 76 peresenti, pomwe mwala wina wotchedwa scheelite uli ndi 80, koma mukaitentha ndi makala kuti okosijeni achoke, uliwonse umachita zake. Chimene chimalamula ndi mnzake amene tungsten wagwirana naye.

Mu ferberite, monga wa ku Nyakabingo ku Rwanda, mnzakeyo ndi ayironi. Ayironi savuta kutaya okosijeni, ndiye amatuluka limodzi ndi tungsten. Kwa wopanga ferrotungsten, chitsulo chosakaniza ayironi ndi tungsten wokwana 75 mpaka 80 peresenti, umenewu ndi mwayi. Kwa wofuna ufa wa tungsten wosasakanizika ndi tsoka, chifukwa ziwirizi zimagwirana, ndipo makala akachuluka zimasanduka makabaidi (zitsulo zogwirana ndi kaboni wa m'makala) monga Fe3W3C.

Manganizi wa mu hübnerite ndi wamakani. Amatsala ngati MnO, wogwiranabe ndi okosijeni, mpaka moto utafika cha m'ma 1400°C, motero wambiri amathera mu slag, zotsalira za m'ng'anjo. Kashiamu wa mu scheelite ndiye woumirira koposa: tungsten wina akamasuka, CaO (kashiamu wogwirana ndi okosijeni) wotsalayo amagwira amene sanamasuke n'kupanga Ca3WO6, yomwe imafuna moto wochulukirapo. Mukazimitsa msanga, tungsten amapita kudzala pamodzi ndi zotsalira, pomwe pepala la ku labotale linkaonetsa mwala wabwino.

N'chifukwa chake mafakitale a ufa wa tungsten sayika mwala m'ng'anjo mwachindunji. Amayamba ausungunula ndi soda, kuusefa, kupanga APT (mchere wa tungsten ndi amoniya), kuiwotcha kuti ikhale okusayidi (tungsten wogwirana ndi okosijeni), kenako n'kuipititsa mu haidrojeni pa 600 mpaka 1000°C. Nako kuli msampha. Nthunzi ya madzi ikachuluka, monga ufa ukaunjikidwa kwambiri m'thireyi, tungsten amauluka ngati WO2(OH)2 n'kukakhala pa timbewu tina ta ufawo, ufa n'kutuluka wokhakhala.

Chimene soda sachotsa ndi molybdenum, mtundu wina wa chitsulo, yemwe amabisala mu scheelite ndipo amatsata tungsten mpaka kumapeto ngati sanachotsedwe payekha ndi salufa. Tochi ya UV, ya kuwala kosaoneka ndi maso, imamuulula usiku: scheelite woyera amawala buluu, wa molybdenum amapendekera ku chikasu.

Wowerenga wanu,
Zomba